Phunziro 6: Autism Siithera ku Ubwana

Cholinga cha phunziroli

M'phunziro lino tikambirana za anthu akuluakulu omwe ali ndi autism: m'mene tingawazindikirire, zovuta zomwe amakumana nazo pakhomo, pa ntchito ndi pagulu, ndiponso zomwe malamulo a dziko lathu akunena za iwo. Wotsogolera awerenge modekha ndi kupereka mpata wa mafunso. Tisanayambe tigwirizane chinthu chimodzi: pokambirana pasakhale kutchula dzina la munthu aliyense wa m'mudzi mwathu kapena wa mu mphakati mwathu. Phunziroli silikutisandutsa madokotala, ndipo sitikufuna kuti pochoka pano tiyambe kulozana zala.

Dzina lachilendo, munthu wodziwika

Mawu akuti autism ndi achilendo, ndipo m'Chichewa mulibe dzina limodzi lomwe tonse timagwiritsa ntchito. Ambiri a ife tidawamva pa wailesi, makamaka pa 2 April, tsiku lomwe bungwe la United Nations lidapatula mu 2007 kuti anthu aziganizira za nkhaniyi. Kawirikawiri nkhani imakhala ya ana: mwana wochedwa kuyankhula, wosatembenuka akaitanidwa, wosasewera ndi anzake. Koma mwanayo amakula. Amatha msinkhu, amafuna ntchito, mwina amalowa m'banja, amakalamba. Autism siichoka pa tsiku lomwe munthu wakwanitsa zaka 18.

Omwe lero ali ndi zaka 30, 40 kapena 60 adakula pa nthawi yomwe padalibe wowayeza. Choncho tidawapatsa mayina athuathu: wamwano, wodzikonda, wosalangizidwa, wopepera, chitsiru, wolodzedwa. Dzina lililonse mwa amenewa limabwera ndi chiweruzo chake. Wamwano timamudzudzula, wodzikonda timamusala, chitsiru timachiseka, ndipo wolodzedwa timapita naye kwa sing'anga. Zonsezi timazichita kwa munthu yemwe ankangofunika kumumvetsa.

Autism n'chiyani?

Ndi kusiyana kwa m'mene ubongo wa munthu umakulira ndi kugwirira ntchito. Munthu amabadwa nayo ndipo amakhala nayo moyo wake wonse. Si misala, ndipo siipatsirana. Mwambi uja wakuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, pano sukugwira, pakuti autism siichita kudza, imangochedwa kuonekera. Madokotala amayang'ana mbali ziwiri. Yoyamba ndi kuvutika pomvana ndi pocheza ndi anthu ena. Yachiwiri ndi kufuna kuti zinthu zizichitika mofanana tsiku ndi tsiku, kuikirapo mtima wonse pa zinthu zochepa, ndi kumva phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa mosiyana ndi anthu ena.

Dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, adalemba za ana 11 otere mu 1943. Chaka chotsatira Hans Asperger wa ku Vienna adalemba za anyamata odziwa kuyankhula bwino koma olephera kugwirizana ndi anzawo. Cha m'ma 1980 Lorna Wing, dokotala wa ku Britain yemwe mwana wake wamkazi adali ndi autism, adaphunzitsa kuti zonsezi ndi za mtundu umodzi, kungoti zimasiyana kukula kwake ndi maonekedwe ake. Mfundo imeneyi tiigwire. Alipo ena omwe sayankhula konse kapena amayankhula mawu owerengeka, ndipo amafuna wowasamalira moyo wawo wonse. Alipo ena omwe pamwamba pa autism amachedwanso kugwira zinthu m'mutu. Koma aliponso aphunzitsi, amakaniko, akalaliki, alimi ndi madokotala. Akuluakulu ambiri omwe sadazindikiridwe ali m'gulu lomalizali, chifukwa amayankhula, amagwira ntchito, ndipo palibe amaganiza kuti pali chomwe chikuwalemera.

Kafukufuku wa pa dziko lonse adapeza kuti mu 2021 munthu mmodzi mwa anthu 127 aliwonse adali ndi autism, ndiye kuti anthu pafupifupi 62 miliyoni. Tikatengera chiwerengero chimenechi, parishi ya anthu 5,000 ingathe kukhala ndi anthu ngati 40 otere. Ku England ofufuza motsogozedwa ndi Traolach Brugha adayendera anthu akuluakulu m'makomo mwawo, ndipo mu 2011 adalengeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 100 adali ndi autism. Okalamba adapezeka nayo mofanana ndi achinyamata, ndipo ambiri sankadziwa. Zimenezi zikutiuza kuti autism si chinthu chatsopano. Chatsopano ndi kuizindikira.

Chimayambitsa n'chiyani?

Gawo lalikulu ndi la kumtundu. Kafukufuku wa mu 2019, yemwe adaona anthu oposa 2 miliyoni m'mayiko asanu, adapeza kuti magawo ngati 80 mwa 100 a zomwe zimachititsa autism ndi zotengera kwa makolo. N'chifukwa chake makolo ena amadzizindikira okha pomwe mwana wawo akuyezedwa. Zina zomwe zimawonjezera mpata ndi kubadwa masiku asanakwane, kubereka makolo atakula kwambiri, ndi mankhwala ena a khunyu otchedwa valproate akamwedwa mayi ali woyembekezera. Mayi wotere asasiye yekha mankhwala, koma akakambirane ndi a chipatala.

Pali mabodza atatu omwe azunza mabanja. Loyamba lidali la madokotala eni ake: kwa zaka zambiri ku America ndi ku Ulaya ankati mwana amakhala chonchi chifukwa mayi ake sadamukonde. Zimenezi zidakanidwa kalekale. Lachiwiri ndi lakuti katemera wa chikuku ndiye amayambitsa. Lidachokera kwa dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, mu 1998. Mu 2010 nkhani yake idachotsedwa m'magazini ya madokotala yomwe idaisindikiza, ndipo iye adalandidwa chiphaso cha udokotala. Ku Denmark adatsatira ana oposa 650,000 ndipo sadapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayo ndi autism.

Bodza lachitatu ndi lathu lomwe. Pakhomo pomwe pali munthu wotere, makamaka ngati bambo ali ndi golosale kapena chigayo, timanong'onezana kuti adamukhwimira mwana kuti alemere. Nanga makomo osauka omwe alinso ndi mwana wotere, chuma chawo chili kuti? Tikumbukirenso kuti lamulo la za ufiti la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Zizindikiro mwa munthu wamkulu

Mabuku ambiri olembedwa kunja amayamba ndi chizindikiro cha kusayang'ana anthu m'maso. Kwathu kuno chimenechi sichitithandiza kwenikweni, pakuti woyang'ana pansi pamaso pa akulu timamutcha waulemu. Chomwe chimaonekera msanga kwathu ndi moni. Munthu wa autism angathe kudutsa apongozi ake pa njira osapereka moni, chifukwa adawapatsa kale m'mawa ndipo sakuona chifukwa chobwerezera. Angathe kufika pakhomo n'kuyamba ndi chomwe wadzera, asanafunse m'mene anthu adzukira. Mukamufunsa kuti "Muli bwanji?" angathe kukufotokozerani zonse, kuyambira mutu mpaka bondo, poti mwafunsa.

Chachiwiri ndi kamvedwe ka mawu, ndipo apa tikhalepo pang'ono. Ife sitikonda kunena zinthu mwachindunji. Tikafuna kukana timati "tiganizira". Tikafuna kuti mlendo aone msana wa njira timati "kunja kwada". Tikamachoka timati "ndikubwera". Zambiri timazinena ndi maso, ndi kutsokomola, ndi kukhala chete. Anthu ambiri amaphunzira zimenezi ali ana popanda wowaphunzitsa. Munthu wa autism amamva mawu monga momwe aliri. Mukamuuza kuti "tiganizira", abweranso mawa ndi mkuja kudzafunsa ngati mwaganiza. Mukati "kunja kwada", avomera kuti kwadadi, n'kupitiriza kucheza. Nthabwala za pachisuweni kapena pachilamu zimamupweteka chifukwa amazitenga ngati zenizeni. Ambiri amaphunzira zining'a ndi miyambi pamtima, monga timaphunzirira chiyankhulo cha eni, koma ikabwera yatsopano amasokonekeranso.

Nayenso amanena zinthu monga ziliri. Ndiwo zikachuluka mchere anena pamaso pa alendo. Msungichuma akalakwitsa masamu pa msonkhano amukonza pomwepo, osadikira kukamutengera pambali. Sakufuna kunyoza munthu. Kwa iye nambala yolakwika ndi yolakwika basi, kaya wailemba ndi ndani.

Ambiri amakhala ndi nkhani imodzi kapena ziwiri zomwe amazidziwa mozama modabwitsa: zigoli za Bullets ndi Wanderers za zaka zambirimbiri, mainjini, nkhunda, manambala a galimoto, masiku obadwa a anthu onse a m'mudzi. Akayamba kufotokoza sazindikira kuti womvera watopa. Koma macheza wamba a pa bawo kapena a pa mjigo amawasowetsa chonena, ndipo amakhala kumbali.

Kusintha kwadzidzidzi kumawasautsa koposa m'mene tingaganizire. Munthu wotere amadzera njira yomweyo, amakhala pa benchi yomweyo m'tchalitchi, amafuna kapu yake yomweyo. Mukamuuza kuti msonkhano uyamba 9 koloko afika 9 koloko, ndipo maola awiri omwe tonse tidazolowera kuchedwa, kwa iye ndi maola awiri a nkhawa. Akapeza wina wakhala pa malo ake angathe kungoima, osadziwa chochita.

Palinso za makutu, maso, mphuno ndi khungu. Chimkuzamawu, chigayo, nthungululu za pa ukwati, kuthithikana mu minibasi, fungo la mafuta odzola, kolala ya malaya, kuterera kwa therere, zonsezi kwa ena zimapweteka ngati minga. Wotuluka panja kwaya ikafika pa kolasi mwina sakudana ndi kwayayo. Makutu ndiwo alephera. Ena n'zosiyana: samva ululu msanga, kotero amafika ku chipatala matenda atakula. Ambiri amadzitonthoza pogwedeza thupi, pokupiza manja, pong'ung'udza kapena poyenda uku ndi uku. Ngati sakudzivulaza, palibe chifukwa chowaletsera.

Zinthu zikamuchulukira, munthu wa autism angathe kuphulika: kukuwa, kulira, kuthawa, mwina kudzimenya. Wina amangouma, osatha kuyankha ngakhale liwu limodzi. Sikuti akuchita dala ndipo si ziwanda. Chofunika pa nthawi imeneyo ndi kuchepetsa anthu ndi phokoso, kusamugwira mwamphamvu, ndi kumupatsa nthawi. Kumuunjirira, kumukalipira kapena kumumanga ndi zingwe kumangowonjezera moto.

Pa maliro ndi pomwe ambiri amaweruzidwa koopsa. Mayi ake amwalira, iye sakulira. Wachoka pa siwa kukakhala yekha kuseri kwa nkhokwe, kapena akufunsa kuti mwambo utha nthawi yanji. Anthu amati ndi wouma mtima, ndipo ena amafika ponena kuti akudziwapo kanthu pa imfayo. Tikudziwa komwe mawu otere amathera m'midzi mwathu. Chisoni ali nacho, kungoti chimatulukira kwina: amasiya kudya, sagona, kapena amadwala patapita miyezi. Mu 2012 Damian Milton, mphunzitsi wa ku yunivesite ku Britain yemwenso ali ndi autism, adanena kuti kusamvana kumeneku n'kwa mbali ziwiri: iwo amavutika kuwerenga nkhope zathu, ifenso timalephera kuwerenga zawo.

Tikambirane: Ndi mawu ati ena omwe timanena tikutanthauza zina? Munthu wowamva monga aliri angalakwitse chiyani?

Amayi sazindikirika msanga

Amuna opezeka ndi autism amachuluka katatu kapena kanayi kuposa akazi, koma akatswiri akuvomereza kuti akazi ambiri amangophonyedwa. Mtsikana wachete, wokhala pakhomo, wosayendayenda, timamuyamikira. Atsikana ambiri amaphunzira kubisa: amaonera anzawo m'mene akusekera ndi m'mene akuyankhira, n'kumatsanzira. Kubisa kotere kumatopetsa. Mayi angathe kuoneka bwinobwino pa chinkhoswe tsiku lonse, n'kukagona masiku awiri osafuna kuona munthu.

Chitsanzo chodziwika ndi Susan Boyle, wa m'mudzi wa Blackburn ku Scotland, yemwe adabadwa mu 1961. Ankaimba m'kwaya ya pa tchalitchi chawo ndipo adasamalira mayi ake mpaka pomwe adamwalira mu 2007. Kuyambira ali mwana adauzidwa kuti ubongo wake udawonongeka pobadwa, ndipo ku sukulu anzake ankamuseka kuti ndi wopepera. Mu 2009 adatchuka pa dziko lonse ataimba pa mpikisano wa pa kanema. Mu 2012, ali ndi zaka 51, dokotala adamupeza ndi mtundu wa autism womwe nthawi imeneyo unkatchedwa Asperger, ndipo adapezanso kuti nzeru zake n'zoposa za anthu ambiri. Mwini wake adanena kuti kudziwa zimenezi kudamupepuza mtima. Zaka 50 adakhala ndi dzina lolakwika, m'dziko lomwe madokotala ndi ambiri.

Chenjezo

Si munthu aliyense wachete, wamanyazi kapena wokonda kusunga nthawi yemwe ali ndi autism. Zizindikiro ziyenera kukhala zingapo, zochokera ku ubwana, ndiponso zomusokoneza pa moyo wake. Munthu yemwe adali bwinobwino n'kusintha mwadzidzidzi atakula, kuyamba kumva mawu omwe ena sakuwamva kapena kukayikira aliyense, ali ndi vuto lina lomwe lili ndi mankhwala, ndipo apite ku chipatala msanga. Kusamva bwino, ndi zotsalira za malungo a mu ubongo, zingathenso kufanana ndi autism.

Zovuta zomwe amakumana nazo

Pa ntchito, chowagwetsa kawirikawiri si ntchitoyo. Amagwa pa mafunso olowera ntchito, pomwe pamafunika kudzigulitsa ndi pakamwa. Akalembedwa amakangana ndi abwana chifukwa chonena zoona pa nthawi yolakwika, kapena chifukwa chokana kulemba zomwe sizidachitike. Ku Britain lipoti la boma la mu 2024 lidati mwa anthu 10 a autism a msinkhu wogwira ntchito, atatu okha ndiwo ali pa ntchito.

M'banja nkhani imafika kwa ankhoswe motere: "Bambowa sandichezetsa, akabwera amangokhala pa wailesi yawo, alendo akabwera amalowa m'chipinda." Kapena: "Mayiwa safuna abale anga, kumudzi akapita amangokhala okha." Ankhoswe amalangiza za ulemu ndi chikondi, wolangizidwayo amavomera, koma palibe chimasintha, chifukwa sadauzidwe chenicheni choti achite. Kumuuza kuti "muziwakonda akazi anu" n'kumusiya m'malere. Kumuuza kuti "mukafika pakhomo muziyamba mwakhala nawo pansi ndi kuwafunsa m'mene aswerera" ndi chinthu chomwe angachigwire, ndipo ambiri amachisunga mokhulupirika. Tisaiwale kuti winayo nayenso amatopa ndi kusungulumwa, ndipo afunika womumvera. Tinenenso poyera kuti autism si chifukwa chochitira nkhanza m'banja.

Vuto lina ndi kudyeredwa masuku pamutu. Munthu womva mawu monga aliri amakhulupirira msanga. Wina akamutcha mnzake, kwa iye ndi mnzakedi. Otere ndi omwe amasainitsidwa ngongole za eni, amabedwa ndalama za pa foni, amalimitsidwa ganyu osalipidwa, amatumidwa kunyamula katundu wakuba. Atsikana ndi amayi amagwiriridwa, ndipo akanena sakhulupiriridwa chifukwa amafotokoza ndi nkhope yosaonetsa chisoni. Pamaso pa apolisi kapena pa bwalo la mfumu, kusayankha msanga ndi kuyang'ana kumbali kumaoneka ngati kuvomera mlandu.

Pa za umoyo, ambiri amakhala ndi nkhawa yosatha, kukhumudwa kwakukulu ndi kusowa tulo, ndipo khunyu imapezeka kawirikawiri pakati pawo kuposa pakati pa anthu ena. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2016 adapeza kuti anthu a autism ankamwalira msanga kuposa anzawo. Mwa zifukwa zikuluzikulu padali khunyu ndi kudzipha, ndipo kudziphako kudali kochuluka pakati pa omwe nzeru zawo zidali bwinobwino, omwe ife timati alibe vuto. Munthu wa autism akanena kuti watopa ndi moyo, timumve monga wanenera, ndipo tipite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Kwa omwe amafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, funso lomwe limasowetsa tulo makolo awo ndi limodzi: ife tikadzapita, adzamusunga ndani?

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 limaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo ulumali watchulidwa momwemo. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 padakhazikitsidwa lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 lidalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano lomwe lidasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Ulumali wonenedwa m'malamulo amenewa si wa miyendo ndi maso wokha. Ndi wa m'maganizo ndi mu ubongo womwe. Choncho munthu wa autism ali ndi ufulu wophunzira, wogwira ntchito ndi kulipidwa, wokhala ndi katundu, ndi womveredwa pa mlandu.

Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mwana wa malemu sataya gawo lake chifukwa choti abale akumutcha chitsiru. Makolo omwe ali ndi mwana wotere achita bwino kulemba wilo akadali moyo, ndi kukambirana ndi abale pamaso pa mboni za yemwe adzamusunge ndi za munda kapena nyumba yomwe idzamuthandize. Za nkhanza ndi kugwiriridwa tikanene ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo wodandaulayo apite ndi munthu yemwe amamumvetsa.

Mudzi ungachite chiyani?

Mwana woyamba pa ana 11 aja a Leo Kanner adali Donald Triplett, wobadwa mu 1933 m'katauni ka Forest ku Mississippi, m'dziko la America. Ali wamng'ono adamutumiza ku nyumba yosungirako ana monga madokotala ankalangizira masiku amenewo, koma patapita chaka makolo ake adakamutenga. Pambuyo pake adakhala zaka zinayi ndi banja lina la alimi. Donald ankakonda kuwerenga ndi kuyeza chilichonse. Alimiwo sadamuletse. Poona kuti akungowerenga mizere ya chimanga mobwerezabwereza, adamuuza kuti aziiwerenga uku akulima. Adamupatsa chitsime choti akumbe ndi kumanena kuya kwake. Atakula adamaliza maphunziro a ku koleji, adaphunzira kuyendetsa galimoto, adagwira ntchito ku banki ya m'tauni mwawo zaka zoposa 60, ndipo adayenda mayiko ambiri payekha. Autism siidachoke, mpaka ukalamba ankapatsa anthu manambala m'malo mwa mayina. Anthu a ku Forest adamuzolowera ndipo ankamuteteza kwa alendo ofuna kumuseka. Adamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89.

Tisabise kuti banja la Triplett lidali lolemera, ndipo bankiyo idali ya kubanja kwawo. Koma zomwe adachita alimi aja sizidalire ndalama. Adaona chomwe mnyamatayo amakonda n'kuchisandutsa ntchito. M'magulu mwathu muli ntchito zambiri zofuna munthu wosamala, wosunga nthawi ndi wosabisa: kulemba kaundula, kusunga mabuku a banki m'khonde, kuyeza mbewu pa sikelo, kusamalira mjigo, kuyang'anira nazale ya mitengo. Kawirikawiri timapereka maudindo amenewa kwa odziwa kuyankhula, kenaka n'kumadandaula kuti mabuku sakuyenda.

Zina n'zazing'ono. Tiyankhule naye mwachindunji, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo tidikire yankho osamuyankhira. Pulogalamu ikasintha timuuziretu. Tikamupatsa ntchito tinene poyambira, pothera ndi malipiro ake, ngati n'kotheka polemba. Timulole kukhala pafupi ndi khomo, kutali ndi chimkuzamawu, ndi kutuluka akafuna. Akalakwitsa mwambo timutengere pambali ndi kumuuza momveka chomwe chimayembekezeka, m'malo momuseka kapena kumuponyera mwambi. Ana athu akamamutsatira ndi kumugenda, mlandu ndi wathu makolo. Ndipo mayi kapena mlongo yemwe akusamalira munthu wosatha kudzisamalira afunika tsiku lopuma; kumukhalira maola atatu kuti apite ku msika kapena ku chigayo ndi chithandizo chenicheni.

Kuyezetsa

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula komwe kumaonetsa autism. Dokotala amacheza ndi munthuyo, amaona m'mene amachitira zinthu, ndipo amafunsa za ubwana wake. N'chifukwa chake n'kofunika kupita ndi kholo, azakhali kapena mkulu wake yemwe adamuona akukula, pamodzi ndi buku la ku chipatala. Poyambira ndi pa chipatala cha boma, kwa anamwino kapena madokotala oona za maganizo. Akatswiri ena ali ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba Mental Hospital, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga.

Mankhwala ochotsa autism kulibe, ku chipatala ngakhale kwa sing'anga, ndipo wolonjeza kuichiza akufuna mbuzi zanu. Omwe alipo ndi mankhwala a khunyu, a nkhawa ndi a kukhumudwa, pamodzi ndi uphungu. Munthu wamkulu yemwe amatha kudzisankhira asakakamizidwe kukayezetsa, ndipo akayezetsa, zotsatira zake ndi zake: ndiye asankhe woti amuuze. Ena safuna dzina lililonse, angofuna kuti tisinthe m'mene timakhalira nawo, ndipo zimenezo sizidikira kalata ya dokotala.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa misonkhano yathu, pa maukwati ndi pa maliro, ndi zinthu ziti zomwe zingamulemere munthu wa autism? Mwa zimenezi, ndi ziti zomwe tingasinthe mwezi uno popanda kuwononga ndalama?

2. Ankhoswe alandira dandaulo lakuti bambo wina sacheza ndi mkazi wake ndipo amathawa alendo, koma samwa mowa, samenya, ndipo ndalama amapereka zonse. Afunse mafunso otani asanaweruze?

3. Mayi wamasiye wa zaka 70 akusamalira mwana wake wa zaka 40 yemwe sayankhula, ndipo abale ayamba kale kuyang'ana munda. Mayiyu apite kwa yani, ndipo alembe chiyani?